Tinapita kukaona maluwa, tinagona m'galimoto m'tchire la Australia

Nditawauza amayi pa WhatsApp kuti tatenga tchuthi cha masiku anayi kuti tikaone maluwa, anayamba akhala kaye chete. Kenako anafunsa kuti, "Maluwa ake ati, chiluwe?" Ndinati ayi amayi, a m'tchire. "Amadyedwa?" Ndinati sadyedwa. Atamva kuti kumeneko ndi makilomita 450 kuchokera ku Perth komwe timakhala, kutalika kuposa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu, anangoti, "Chabwino, mafuta ndi anu."

Munali mu Ogasiti 2021. Malire a dziko la Australia anali atatsekedwa kuyambira mu Malichi 2020, ndipo chigawo chathu cha Western Australia chinali chitadzitsekeranso pachokha. Mu Januwale chaka chomwecho, matenda aja atavuta kwathu, bambo anga anatisiya. Maliro awo ndinaonera pafoni, nditakhala pansi m'khitchini, netiweki ikudukaduka. Pamene amaitana ana a malemu kuti akayale nkhata, anapita achemwali anga ndi achimwene, ine dzina lokha linatchulidwa. Kuchokera pamenepo ndinkangoti kuntchito, kunyumba, kuntchito, kunyumba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mnzanga wina wa kuntchitoko, mayi wobadwira kumidzi ya alimi a tirigu, ndi amene anandiuza kuti chaka chino mvula yagwa bwino kumpoto, ndipite ndi banja ndikaone zomwe sindinaonepo. Anandilangizanso zambiri za kayendedwe ka kutchire. Ndinamva theka, theka linalo ndinkaganiza za mankhwala a odwala anga a madzulo.

Ndikulemba izi chifukwa abale ambiri amene abwera kuno amandifunsa za ulendowu akaona zithunzi, ndipo ndimaona kuti akuganiza ndendende momwe ife tinkaganizira.

Western Australia ndi dera lalikulu kuposa Malawi maulendo oposa 20, koma anthu ake panthawiyo sankafika ngakhale 3 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ali mu Perth momwemo. Nambalazi ndinkazidziwa, koma sizinkandiuza kanthu. M'mutu mwa munthu wokulira ku Ntcheu mulibe msewu wopanda anthu. Galimoto ikafa pa Bawi kapena pa Kampepuza, simuthera mphindi zisanu ana asanakuzungulireni, wa kabaza wafika, wina wathamanga kukaitana makaniko, wina akukugulitsani mbatata. Maganizo amenewo ndi amene tinakwera nawo m'kagalimoto kathu ka m'tauni, ine, bambo a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi.

Tinadzera msewu wa mkati wodutsa Moora, Carnamah ndi Three Springs mpaka ku Mingenew. Mbali zonse minda ya canola, mbewu yopangira mafuta ophikira, inali itachita chikasu mpaka komwe maso amalekera, ndipo mwana anafunsa ngati maluwa aja ndi omwewa. Cha ku Mingenew tinaona mashedi ena opanda madenga ndi mitengo yozuka, zotsalira za namondwe wa Seroja amene anadutsa kumeneko mu Epulo. Anthu ena anali asanathe kukonza.

Malo oyamba amene anandikhalitsa chete ndi Coalseam, paki yomwe ili kumpoto kwa Mingenew m'mbali mwa mtsinje wa Irwin. Dzinalo linabwera chifukwa ndi pomwe azungu anayamba kupezapo malasha m'chigawochi, mu 1846, ndipo mizere yakuda imaonekabe m'maphompho a mtsinjewo. Koma palibe amene amayang'ana malasha. Pansi pa mitengo yaifupiifupi panali patayalidwa maluwa, achikasu apa, oyera apo, apinki uko, osaona dothi. Amawatchula kuti everlastings, kutanthauza kuti safota. Ukaligwira duwa lake limakhala ngati pepala louma, ngati lija timakutira mphatso, ndipo mphepo ikawomba munda wonse umalira tswatswatswa chapansipansi. Ena ndi timipira toyera kapena tachikasu tonga thonje pa kamtengo kowonda. Kafungo kake ndi ka uchi, ndipo njuchi zinali piringupiringu. Ntchentche nazo, tisabise. Ntchentche za kumeneko sizifuna chakudya chanu, zimafuna maso, mphuno ndi pakamwa. Tinkaseka azungu ovala kaukonde kumaso ngati alimi a njuchi, koma pofika masana tinali tikufunsa komwe amagula.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Njere za maluwawa zimakhala m'dothi, zina zaka zingapo, kudikira chaka choyenera. Mvula ya kuno kumwera chakumadzulo imagwa nthawi yozizira, osati yotentha ngati kwathu. Ikayamba bwino cha mu Epulo kapena Meyi n'kupitiriza mu Juni ndi Julayi, njerezo zimamera zonse pamodzi, n'kuchita maluwa mofulumira, n'kugwetsa njere zina dzuwa lisanapse. Mvula ikavuta, malo omwewo mumapeza dothi lofiira ndi zitsamba zotuwa basi. N'chifukwa chake zithunzi za chaka chatha sizikulonjezani chilichonse. Nyengoyi imayambira kumpoto cha mu Juni n'kumatsika chakumwera mpaka mu Novembala, ndipo dera la Mingenew ndi Mullewa limakoma kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Seputembala. Chigawo chonsechi chili ndi mitundu ya maluwa a m'tchire yoposa 12,000, ndipo yoposa theka simera kwina kulikonse padziko. Musananyamuke imbani foni ku ofesi ya alendo ya tauni yomwe mukupita, chifukwa iwo amadziwa msewu umene waphuka sabata imeneyo.

Tinagona ku Mullewa. M'mawa tinazungulira tchalitchi cha miyala cha Our Lady of Mount Carmel, chimene anachijambula ndi kuchimanga wansembe John Hawes m'zaka za m'ma 1920, zambiri ndi manja ake. Bambo a kunyumba, amene anakulira ku mishoni, anakakamira pamenepo ola lathunthu kuyang'ana mmene miyala inalumikizidwira. Ola limenelo ndinadzawawerengera madzulo ake, ngakhale kunena zoona silinali vuto.

Chimene aliyense amapitira ku Mullewa ndi duwa lotchedwa wreath flower, la sayansi Lechenaultia macrantha. Mumapita ku Pindar, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa, kamudzi ka nyumba zowerengeka ndi nkhokwe ya tirigu, kenako mumakhotera kumpoto pa msewu wafumbi wopita ku Beringarra. Mukayenda makilomita ngati khumi mumapeza magalimoto ataima. Mnzanga uja anali atandiuza dzina lake koma sindinaganizire kuti wreath pa Chingerezi ndi nkhata. Nditatsika n'kuyang'ana m'mphepete mwa msewu, miyendo inandilemera. Pa mchenga wofiira panali nkhata. Nkhata zenizeni, zozungulira bwinobwino, pakati pobiriwira, m'mbali monse maluwa oyera osakanikirana ndi ofiira ndi achikasu, kukula ngati lichero laling'ono. Zinali mumzere mbali zonse za msewu, iliyonse payokha, ngati mwambo wangotha kumene anthu n'kubalalika. Chomerachi chimayala nthambi zake pansi kuchokera pakati, ndipo maluwa amatuluka kunsonga kokha, ndiye chimapanga mkombero. Chimakonda dothi losokonezedwa, makamaka pomwe giredala yadutsa, n'chifukwa chake chimandanda m'mbali mwa msewu osati mkati mwa tchire.

Ndinagwada pa imodzi ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire mu Januwale. Azungu ojambula zithunzi anandipatsa mpata, wina anandisiyira botolo la madzi osanena kanthu. Mwana anafuna kuzula imodzi kuti tidzapite nayo pamanda a agogo ake. Bambo ake anamuletsa, ndipo anachita bwino: kuthyola maluwa a m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu kuno, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, mukathyola duwa mwachotsa njere za chaka chamawa. Tinajambula basi.

Tikanabwerera pomwepo, nkhaniyi ikanathera apa. Koma bambo wina woyenda ndi kalavani anatiuza kuti chakumpotoko kuli malo amene maluwa apinki ayala ngati nyanja, opanda munthu. Inali itadutsa 3 koloko masana. Tinayang'anana n'kunena kuti tafika kale, tingopitako.

Msewu unayamba kuchita timizere ngati malata, galimoto yonse ikunjenjemera mpaka mano. Minda inatha, kunatsala mitengo ya mulga yotuwa ndi dothi lofiira ngati katondo. Tinadutsa nthiwatiwa za kuno, ma emu, bambo akutsogolera anapiye ake amizeremizere, paja kwa mbalame zimenezi wofungatira mazira ndi kulera ndi wamwamuna. Titayenda makilomita ena ngati 40 tinaona kanjira kolowera kumanzere ndi pinki patali pakati pa mitengo. Tinalowa. Kanjirako kanali ka miyala yakuthwa, ndipo tisanathe makilomita asanu tinamva phuu, galimoto n'kupendekera kumbuyo.

Bambo a kunyumba sanade nkhawa. Anatulutsa jeke ndi sipanala akuimba nyimbo ya kwaya. Manati anavuta chifukwa anamangidwa ndi makina, mpaka anachita kuponda sipanala ndi phazi, koma anamasuka. Tayala linali litang'ambika m'mbali, chibowo cholowa zala ziwiri. Atatulutsa sipeya nyimbo inatha. Kanali kaja kowonda kongofikira kugalaja, ndipo kanali kophwa. Galimotoyo tinali titakhala nayo zaka zinayi osatsegulapo pansi pa buti. Pampu tinalibe. Mafoni onse awiri analibe netiweki ngakhale kadontho. Madzi tinali ndi mabotolo anayi a lita imodzi ndi theka, limodzi litatha kale, kuphatikizapo lija la mzungu. Chakudya chinali buledi, nkhuku yootcha yotsala, malalanje ndi mtedza. Ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko lapansi amene ankadziwa kuti talowa kanjira kameneko. Amayi ku Ntcheu ankadziwa kuti tapita kukaona maluwa osadyedwa, basi.

"Mayi, inu khalani ndi mwana, ine ndiyende ndikafike pamsewu waukulu uja. Pena pake pali nyumba."

"Nyumba yake mwaiona kuti, bambo? Chichokereni ku Pindar mwaonapo denga?"

"Nanga tingokhala?"

"Tingokhala. Maliro awiri chaka chimodzi ine sindingathe."

Apa ndi pomwe theka lija la malangizo a mnzanga linabwerera m'mutu. Anati chilichonse chikachitika, osachoka pagalimoto. Ofufuza akamauluka ndi ndege amaona galimoto, munthu woyenda pansi pa mitengo samuona. Galimoto ndi mthunzi masana ndi pogona usiku. Anthu amene amafera kutchire kuno, ambiri amapezeka atasiya galimoto yawo, galimotoyo n'kupezeka poyamba. Tchire la mulga limafanana mbali zonse, mulibe phiri loti ulondole ngati kwathu komwe ukaona Chirobwe umadziwa komwe uli. Bambo anakwiya pang'ono, mwamuna safuna kuoneka wongokhala manja lende pamaso pa mwana wake. Tinagwirizana kuti ngati pofika m'mawa sikubwera munthu, tidzayendetsa galimoto pang'onopang'ono pa tayala long'ambikalo mpaka pamsewu waukulu, limu iwonongeke iwonongeke, koma tonse tili limodzi. Usiku sitikanayesa, chifukwa madzulo ndi mbandakucha ndi nthawi ya ma kangaroo, ndipo kagalimoto ngati kathu kakagunda yaikulu ulendo umathera pomwepo.

Tinatsegula boneti kuti wodutsa aliyense adziwe kuti tavutika. Madzi tinagawa ndi chivindikiro cha fulasiki. Mwayi wathu unali woti munali mu Ogasiti. Zikanakhala mu Januwale, pamene kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, madzi amenewo sakanatifikitsa kutali.

Dzuwa likulowa ndinaona chinthu chimene ojambula masana sachiona. Maluwa apinki aja anayamba kutseka, lililonse kudzipinda n'kukhala kampira kakang'ono kowerama, ndipo munda wonse unazimirira ngati wina wapinda chitenje. Kenako kunazizira, kuzizira kwa ku Dedza mu Juni. Tinavala zovala zonse za m'chikwama, mwana tinamufunditsa zitenje ziwiri zimene sindisiya poyenda. Injini tinkailiza mphindi zochepa kuti titenthedwe, kenako n'kuzimitsa posunga mafuta. Kunja kunali zii, kopanda galu, kopanda tambala, kopanda wailesi ya woyandikana naye. Kwathu ngakhale pakati pa usiku umamva moyo wa anthu penapake. Mwana atafuna kukataya madzi tinatuluka tonse ndi tochi ya foni, ndipo titayang'ana kumwamba tinaiwala kuzizira. Mlalang'amba unali wowala ngati ufa wotayika. Mwanayo ndi amene anatisonyeza zimene anaphunzira kusukulu, kuti eni dziko lino, Aaborijini, amaona emu mumdima wa pakati pa nyenyezizo, mutu wake uli pafupi ndi nyenyezi za mtanda zija zili pa mbendera. Titaiona sitinathenso kusaiona. Bambo ake anayambitsa pemphero, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro ndinawatchula bambo anga mokweza osatsamwa.

Sindinagone kwenikweni. Ndinkawerenga mabotolo m'mutu.

M'mawa maluwa anali otsekabe, onyowa ndi mame. Dzuwa litakwera, cha m'ma 9 koloko, anayamba kutseguka, ndipo pasanathe ola pinki yense anabwerera. Ngati mukufuna kuwaona bwino musalawirire, ndipo tsiku la mitambo satseguka mokwanira. Tili mkati momangirira tayala long'ambika lija kuti tiyambe kukwawa, tinamva injini. Inali Land Cruiser yakale ya fumbi lokhalokha, kumbuyo kuli galu. Woyendetsa anali bambo wachikulire wogwira ntchito pa famu ya ziweto ya m'deralo, akuzungulira kuyendera zitsime ndi zomwera. Mafamu a kumeneko ndi aakulu moti kanjira kamene tinalowako kanali ka mkati mwa famu, ndipo anatiuza kuti amadutsamo mwa apo ndi apo, osati tsiku lililonse. Anayang'ana tayala, anayang'ana sipeya, anayang'ana mabotolo athu, osalankhula. Kenako anafunsa ngati wina anayesa kuyenda wapansi. Nditati ayi, anagwedeza mutu n'kunena kuti chimenecho chokha ndiye tachita bwino.

Anatulutsa pampu yolumikiza ku batire n'kupopa kasipeya kaja. Mwamwayi sikanali kobooka, kanangophwa ndi zaka. Anatidzazira mabotolo kuchokera m'thanki ya pagalimoto yake, n'kutitsatira pambuyo mpaka pamsewu waukulu. Bambo a kunyumba anatulutsa ndalama, iye anakana ngati tamutukwana. Ndinamupatsa malalanje awiri otsala, amenewo analandira. Kasipeya kotere sikafuna kupitirira makilomita 80 pa ola ngakhale pa tala, ndiye pafumbi tinkayenda ngati ngolo. Tayala latsopano tinakalipeza ku Geraldton, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Mullewa, chifukwa saizi ya timagalimoto ta m'tauni sipezeka paliponse.

Tabwererako kawiri chichitikireni zimenezi, ndipo ulendo wina tinafika mpaka ku Yalgoo ndi Mount Magnet. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsopano sabata yonyamuka bambo amatulutsa sipeya n'kuipima mpweya ine ndikuona. Tinagula pampu ya batire ndi sipanala yaitali. M'buti mumakhala zigubu ziwiri za malita 20 za madzi, zomwe sitimwa pokhapokha zitavuta, ndi bulangete. Ndimalembera mnzanga uja uthenga wonena msewu umene tidutse ndi ola limene tidzamuimbire, ndipo amadziwa kuti olalo likadutsa aimbire apolisi. Tikasintha njira timamuuza tisanachoke pomwe pali netiweki, ndipo ngati palibe netiweki sitisintha njira. Nambala ya ngozi kuno ndi 000, koma pomwe palibe netiweki ya kampani iliyonse nayonso siilowa, n'chifukwa chake tinagula kachipangizo kotchedwa PLB, kamene ukakatsegula kamatumiza chizindikiro kudzera pa setilaiti. Mtengo wake unatiwawa, koma unali wochepa poyerekeza ndi usiku uja. Mafuta timathira pa tauni iliyonse ngakhale thanki ili pa theka. Mapu timatsitsiratu m'foni tili kunyumba. Mvula ikagwa misewu yafumbi imatsekedwa ndi makhonsolo, ndipo ukalowa chikwangwani chilipo umalipitsidwa. Amene mukubwereka galimoto werengani pepala lanu, chifukwa makampani ambiri salola timagalimoto wamba pafumbi ndipo inshulansi siigwira. Pobwerera kudzera pa Great Northern Highway mudzakumana ndi mathiraki okoka ngolo zitatu kapena zinayi, otalika kuposa mamita 50. Kuipitirira imeneyo kumafuna msewu wowongoka wautali kwambiri, ndipo ine ndimangowauza bambo kuti tilibe ndege yoti tikwere.

Kanjira kopanda chikwangwani sitilowanso. Ndinazindikira pambuyo pake kuti tinalowa m'malo a eni popanda kupempha, zimene kwathu sindingachite ngakhale pa dimba la munthu. Maluwa a m'mbali mwa msewu waukulu ndi omwewo.

Malire atatsegulidwa mu 2022 tinapita kumudzi kukamanga chiliza cha bambo. Mwana anaumirira kuti titsukitse chithunzi cha nkhata ija, chachikulu, n'kuchiika m'felemu. Tsiku la mwambo anachiimika pachiliza pambali pa nkhata zapulasitiki zogula ku Ntcheu boma. Madzulo amayi anakachitenga kuti chisanyowe ndi mame, anakhala nacho pakhonde akuchiyang'anitsitsa chapatali, paja magalasi awo anasweka.

"Anayala ndani pamchengapa?"

"Palibe amayi, zimamera choncho."

"Zokha?"

"Zokha."

Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kukachiika pakabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo. Potuluka anawayang'ana apongozi awo amene anali atakhala pampando wa ndalema, n'kufunsa kuti, "Nanga bambo, galimoto mwabwerekayi, sipeya yake mwaiona?"